Ng'oma yang'ambika, ndiye tithamangitse oimba?

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, ndakhala chete masabata awiri koma lero ndilankhula. Amene munalipo pa chikondwerero cha tsiku la chilankhulo cha makolo, pa 21 Febuluwale, mukudziwa zimene zinachitika kusukulu kwathu. Amene simunabwere mwazimva kale kumsika ndi kuchitsime. Oimba ng'oma anagwirana pakhosi, ng'oma imodzi inaphulika chikopa, bangwe wa agogo ena anapondedwa n'kuthyoka, ndipo mwana wa kalasi yachinayi anatupa pachipumi. Zonsezi zinachitikadi, sindikana ngakhale chimodzi.

Chimene ndikukana ndi mawu amene anatuluka pamsonkhano wathu wa aphunzitsi masiku angapo pambuyo pake. Mnzathu wina anati chaka chamawa tisadzaitanenso anthu akumudzi. Akuti tidzangoika nyimbo za chikhalidwe pa flash, kulumikiza ku sipika, ana n'kuvina mwadongosolo popanda confusão. Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza. Ganizo limeneli likupita ku Conselho de Escola mwezi uno, ndipo likavomerezedwa kwathu, masukulu oyandikana nafe adzatengera. N'chifukwa chake ndaibweretsa pano nkhaniyi. Ine ndikuti ganizolo ndi lolakwika, ndipo likulanga anthu amene sanayambitse mlandu.

Ndiyambe ndi kufotokoza mmene tsikulo linayendera, chifukwa ambiri amene akuweruza anaona nkhonya zokha. Tinaitana magulu asanu ndi limodzi ochokera m'midzi yozungulira masukulu a ZIP yathu: magulu awiri a amayi a chintali, lililonse ndi oimba ng'oma ake, gulu la ingoma, anyamata a mganda, ana athu a chiterera, ndi agogo amodzi oimba bangwe. Kalata yathu inati tiyamba 8 koloko m'mawa. Anthu analawira m'bandakucha, ena kuchokera kutali, ng'oma zili pamutu ndi panjinga. Alendo olemekezeka anafika 11 koloko itadutsa. Zolankhula zinadya maola awiri, pafupifupi zonse m'Chipwitikizi, pa tsiku la chilankhulo cha makolo. Nthawi yonseyi oimba anali chiimire, opanda madzi akumwa, opanda ngakhale mbatata yophika, m'mwezi wa Febuluwale pomwe nkhokwe zambiri zimakhala zitauma. Kenako mvula inagwa monga igwera kuno ku Angónia nyengo ino. Tonse tinathamangira m'chipinda chimodzi chophunzirira ndi pakhonde pake: magulu onse, ana, makolo, madesiki, sipika ndi mawaya ake.

Ng'oma zinanyowa. Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti ng'oma ikamva chinyezi chikopa chimalefuka, mawu ake amafa, ndipo iyenera kuwambidwa pamoto isanaimbidwe. Moto unali umodzi wokha, pakona ya khonde, ndipo magulu atatu anayamba kuulimbirana. Wolengeza pulogalamu ataona kuti alendo ayamba kuyang'ana mawotchi, anati gulu lililonse lipatsidwa “cinco minutos”, n'kuitana gulu lachiwiri la chintali loyamba lisanamalize nyimbo. Mnyamata amene ankawamba ng'oma ya gulu lachiwirilo atamva dzina la mudzi wawo anathamangira mkati kukauza anzake, ng'oma n'kuisiya pafupi ndi moto. Chikopa chinapsa n'kuphulika. Mnzake ataona kuti alowa m'bwalo manja lendelende, anatola ng'oma ya gulu loyamba osapempha. Mwini wake anamugwira dzanja, winayo anamukankha, desiki linagwa. Phazi la munthu linatera pa bangwe wa agogo aja, amene anali atakhala pansi pafupi ndi khomo kudikira nthawi yawo kuyambira m'mawa. Ndodo yoimbira ng'oma yaikulu ya mganda inauluka n'kukamenya mwana pachipumi.

Tsopano ndifunse. Anaitana anthu 8 koloko n'kuwayamba 1 koloko ndani? Anawasiya ndi njala ndani? Anaiwala kuti Febuluwale ndi mwezi wa mvula ndani? Anasonkha moto umodzi wa magulu atatu ndani? Anadula nyimbo pakati ndani? Ndi ife aphunzitsi, ndipo ine ndinali mmodzi wa komiti yokonza mwambowo. Ndikulemba izi ngati munthu wolakwa nawo. Koma pamsonkhano uja palibe amene anatchula mbali yathu. Tonse tinapeza wolakwa wosavuta, munthu wa ng'oma amene sabwera pamisonkhano yathu ndipo sangadziyankhire m'Chipwitikizi.

Amene amati anthu a ng'oma ndi achisokonezo mwachibadwa apite kumudzi akaone. Pachiliza kapena pachinkhoswe pamasonkhana anthu ochuluka kuposa amene anali kusukulu kwathu, magulu a midzi yosiyanasiyana, mowa ulipo, koma nthawi zambiri gule amachezera mpaka m'mawa popanda kugwirana. Chimawasunga ndi malamulo a pabwalo, amene sanalembedwe papepala koma aliyense amawadziwa. Bwalo lili ndi mwini wake, ndipo mlendo salowa asanaperekedwe malonje. Gulu likalowa limamaliza nyimbo yake, lina limadikira. Ng'oma ya mwini sugwira osapempha, ngakhale yako itang'ambika. Ukapempha amakubwereka, chifukwa mawa idzang'ambika ndi yake. Woyambitsa nyimbo ndi mmodzi, ena amavomera. Pa gule wamkulu woimba mbalule amayang'ana mapazi a wovina n'kumalankhulana naye, pomwe mpanje ndi ng'oma zina zimagwira kayendedwe kake osasuntha. Aliyense akafuna kukhala mbalule gule amafa. Pamakhalanso akuluakulu okhala pambali amene akangotukula dzanja ng'oma zimaleka. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ife kusukulu tinachotsa zonsezi, m'malo mwake tinaika munthu mmodzi wonyamula maikolofoni ndi wotchi. Anyakwawa tinawakhazika pampando kumbuyo kwa alendo ngati oonerera.

Agogo a bangwe aja ndinapita kwawo kukapepesa. Sanakwiyire mnyamata amene anaponda. Anandiuza kuti thabwa asema lina ndipo mawaya awapeza. Chimene chinawawawa n'choti tinawaika pakati pa ng'oma. Bangwe ndi choimbira cha mawu apansipansi, munthu amaimba atakhala, omvera atazungulira chete, chifukwa chokoma chake chili m'mawu a nyimbo, m'nkhani ndi m'zining'a zimene woimba akuponya. Kumuika bangwe pambuyo pa mganda m'chipinda chodzaza anthu ndi chimodzimodzi kuuza mwana kuti awerenge ndakatulo chigayo chikulira. Ife aphunzitsi a maphunziro a zilankhulo ziwiri, amene timanyadira kuti timalemekeza za kwathu, sitinadziwe zimenezi, kapena tinadziwa koma sitinalabadire. Ndinachoka pakhomo pa agogowo ndi manyazi.

Nkhaniyi ndailemba pa tsamba la chilankhulo chifukwa malamulo a pabwalo amakhala m'chilankhulo. Kuwamba ng'oma, kumata phula pakati pa chikopa kuti mawu azame, kuyambitsa nyimbo, kuvomera, kulandizana, kusupa wovina bwino, kupempha bwalo, kupereka bwalo: mawu onsewa mwana amawaphunzira akaona zinthuzo zikuchitika pamaso pake, akamva mkulu akudzudzula mnyamata kuti wathamangitsa ng'oma, akaona amayi akuseka mnzawo amene walowa nyimbo isanafike. Pa flash mulibe zimenezi. Muli mawu a nyimbo imene inaimbidwa kamodzi kwinakwake, yosasintha, yosadikira wovina, yosatchula dzina la mudzi wa mwanayo. Mwana wovina nyimbo ya pasipika amatsatira makina. Mwana wovina ng'oma yamoyo amaphunzira kumvetsera munthu mnzake, ndipo woimbayo amamumvetseranso iye. Tikachotsa oimba tachotsa theka la phunziro la Chinyanja la tsikulo.

Taonani anzathu a Chinyungwe m'chigawo chathu chomwechino cha Tete ndi gule wawo wa nyanga. Munthu aliyense amakhala ndi zitoliro zochepa, ziwiri, zitatu kapena zinayi, zomangidwa pamodzi. Palibe amene angaimbe nyimbo yonse yekha. Aliyense amaliza mawu ake pa mpata wake, amaimbanso ndi pakamwa, uku mapazi akuvina mozungulira, anthu ambirimbiri m'bwalo limodzi. Mmodzi akaphonya mpata wake onse amamva. Taonaninso Achopi a ku Zavala m'chigawo cha Inhambane ndi timbila zawo zosemedwa kuchokera ku mtengo wa mwenje. Gulu limodzi limakhala ndi timbila kuyambira zisanu mpaka makumi atatu, zazikulu ndi zazing'ono, pamodzi ndi ovina, zonse zikutsata mtsogoleri mmodzi, ndipo magulu amakumana ku Quissico pa chikondwerero cha M'saho. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza timbila ndi gule wamkulu wathu, wa ku Mozambique, Malawi ndi Zambia, kukhala chuma chapadera cha anthu a dziko lonse lapansi. Anthu amene amatha kulunzanitsa zoimbira makumi atatu popanda pepala ndi amene ife tikuwatchula kuti sadziwa dongosolo? Pa tsikulo amene tinalephera dongosolo ndi ife a mapepala ndi mawotchi.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, ndipo zina mwa izo ndi zoona. Mudzati mwana anavulala. Inde, ndipo chimenecho chokha n'chokwanira kuti tisinthe kachitidwe kathu. Mayi ake a mwanayo ali ndi ufulu wokwiya, ndipo sukulu inayenera kuwapepesa tsiku lomwelo. Koma mwanayo anavulala chifukwa tinaunjika ana pansi pa zigongono za oimba m'chipinda chothina. Pabwalo la kumudzi ana amakhala ndi malo awo kutsogolo kwa oonerera, patali ndi ndodo ndi mapazi a ovina. Mankhwala a ngoziyi ndi malo okwanira.

Mudzatinso ena mwa oimbawo anali atalawa kachasu. Zoonanso. Ndinamva fungo lake ndi mphuno zanga. Munthu woledzera alibe malo pasukulu, kaya ndi woimba ng'oma, kaya ndi kholo, kaya ndi mphunzitsi. Koma munthu amene wamudikiritsa maola asanu ndi njala, pafupi ndi msika, usadabwe akasowa kwa kanthawi n'kubwera maso ali gwa. Ndipo amene angaletse woimba kumwa asanaimbe ndi mtsogoleri wa gulu lake ndi anyakwawa ake, ngati tawauza pasadakhale n'kuwapatsa udindowo. Ife sitinawauze kanthu.

Mudzati magulu akumidzi amapikisana ndipo amasungirana zakukhosi. Inde amapikisana, ndipo mpikisanowo ndi umene umakometsa gule. Koma ndifunse: pamasewera a mpira a masukulu sipachitika ndewu? Tonse taonapo osewera akukankhana, oonerera akulowa m'bwalo, woimbira mpira akuthawira kuofesi. Kodi alipo mphunzitsi amene anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti tileke mpira, ana azingoonera pa kanema? Palibe. Timati tipeze woimbira wabwino, tijambule mizere, tiike akuluakulu m'mbali. Mpira ukabala ndewu timakonza kayendetsedwe kake. Ng'oma ikabala ndewu timati vuto ndi ng'oma yomweyo ndi eni ake. Kusiyana kumeneku kukuchokera kuti?

Ine ndikudziwa kumene kukuchokera, chifukwa ndinakulira m'menemo. Ambiri a ife tinaphunzira m'masukulu mmene kulankhula Chinyanja kunali mlandu, mmene chilankhulo cha amayi athu chinkatchedwa dialecto. M'nthawi ya atsamunda munthu ankayesedwa wotukuka akasiya za kwawo n'kukhala assimilado. Ufulu utabwera mu 1975 miyambo yambiri inatchedwanso obscurantismo. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Kuyambira 1993 mpaka 1997 pulojekiti ya PEBIMO inayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja kuno ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'masukulu a boma. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pa ndime 9, amati boma limalemekeza zilankhulo za m'dziko muno ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Pamapepala nkhondoyi tinapambana. Koma m'mitima mwathu mukadali kamawu kaja konena kuti za kumudzi n'zochititsa manyazi pamaso pa alendo. Kamawu kameneko n'kamene kanalankhula pamsonkhano uja, ndipo ng'oma yong'ambika inangokapatsa mpata. Lero tikuti oimba ndi confusão. Mawa wina adzati Chinyanja m'kalasi chimachedwetsa ana, ndipo adzagwiritsa ntchito maganizo omwewo.

Musaiwalenso kuti maphunziro athu a pulayimale anapatula magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira kuti akhale a currículo local, zinthu zimene anthu a m'dera akuona kuti ana awo ayenera kudziwa. Amene ali ndi nzeru zimenezo ndi anthu omwe tikufuna kuwatsekera pakhomowa. Ine ndinapita ku sukulu ya uphunzitsi, koma sindidziwa kusema ng'oma, sindidziwa mtengo woyenera, sindidziwa kukhoma chikopa ndi zikhomo kuti chikoke mofanana mbali zonse. Mnyamata amene anawotcha ng'oma uja amadziwa. Tikamuthamangitsa, phunziro limenelo aphunzitsa ndani?

Inunso eni ng'oma ndili nanu mawu, chifukwa ena mwa inu ana anu akuwerengerani izi. Munalakwa. Inu achimwene amene munatola ng'oma ya eni osapempha, kwanu simungachite zimenezo, ndiye munachitiranji pamaso pa ana? Inu bambo amene munatukula dzanja, ndinu wamkulu, mukanaitana anyakwawa. Paja ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Pali ena mwa inu amene akagwira ng'oma safuna kusiyira mnzawo, amene amaimba mokweza dala kuti aphimbe gulu lina, amene amathamangitsa nyimbo kuti wovina wa mudzi wina aoneke wolephera. Khalidwe limenelo likupereka mfuti kwa anthu amene akufuna kukuchotsani pasukulu. Ana athu anabwera kudzaona luso lanu ndipo anapita kwawo akusimba za nkhonya. Mukadzaitanidwanso mudzakumbukire kuti pasukulu mwabwera ngati aphunzitsi.

Tsono m'malo mwa flash, ine ndikupita ku Conselho de Escola ndi mfundo izi. Choyamba, magulu akhale ochepa, atatu akwana, ena adzabwere pa 1 Juni kapena pa 25 Juni pomwe kunja kwauma. Chachiwiri, sabata imodzi mwambo usanachitike tikhale pansi ndi atsogoleri a magulu ndi anyakwawa, m'Chinyanja, iwo anene okha ndondomeko ya kalowedwe m'bwalo ndi nthawi imene gule aliyense amafuna. Chachitatu, woyendetsa bwalo akhale mkulu wa m'mudzi amene oimba amamumvera, mphunzitsi azingomuthandiza. Chachinayi, gulu lililonse likhale ndi moto wake wowambira ng'oma, malo ake osungira zoimbira, ndi munthu woyang'anira, ndipo tikonzeretu kothawira mvula. Chachisanu, oimba adye asanaimbe. Ngati ndalama zogulira alendo zakumwa zimapezeka, za ufa ndi nyemba zipezekenso. Chachisanu ndi chimodzi, magule ayambe pa nthawi yake, alendo afika kapena sanafike, ndipo zolankhula zibwere pambuyo, zazifupi, m'chilankhulo chimene tikukondwerera. Chachisanu ndi chiwiri, oimba zoimbira za mawu apansi monga bangwe ndi kaligo apatsidwe nthawi yawoyawo m'kalasi, ana atakhala chete, mphunzitsi akulemba pabolodi mawu atsopano amene atuluke m'nyimbozo. Ndipo woledzera aliyense abwezedwe ndi mtsogoleri wa gulu lake asanafike pabwalo.

Palinso ngongole imene tiyenera kubweza tisanakambe za chaka chamawa. Ng'oma inapsa pa mwambo wathu, bangwe anathyoka m'chipinda chathu. Chikopa chimagulidwa ndi ndalama, ndipo kukhoma ng'oma ndi ntchito ya masiku. Ine ndayamba kale kusonkha yanga, ndipo ndikupempha aphunzitsi a ZIP yathu kuti aliyense aponyepo kangachepe, tikapereke ndi manja athu kwa eni ake pamaso pa anyakwawa. Tikatero mpamene tingakhale ndi nkhope yowaitananso.

Inu makolo, msonkhano wa Conselho de Escola ndi wanunso, muli ndi okuimirirani mmenemo. Auzeni maganizo anu tsikulo lisanafike. Ngati mukufuna kuti ana anu azivina nyimbo za pasipika, nenani, ndidzamva. Koma ngati mukufuna kuti mwana wanu adzaone agogo ake akuimba pasukulu pake, m'chilankhulo chimene amaphunzira nacho kuwerenga, musasiye kuti nkhaniyi igamulidwe ndi ife aphunzitsi tokha. Ndipo inu aphunzitsi a m'masukulu ena a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi kunyanja ku Niassa, ngati zoterezi zinakuchitikiranipo, tiuzeni mmene munazikonzera, kuti ndikapite nazo kumsonkhanoko.